Dzanja Lamwano

Lachitatu, 4 Juni

Ndikulemba ndi lamanzere. Zilembo zake ngati papalasa nkhuku, koma zikuwerengeka. Mayi wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo, ndiye wandipatsa kope ndi cholembera, ati ndizilemba kenakake tsiku lililonse kuti dzanjali lizolowere ntchito, poti lamanja mawa lake silikudziwika. Ndangoseka chamumtima. Akuganiza kuti akuphunzitsa mlendo, osadziwa kuti ndi mwininyumba amene anathamangitsidwa kalekale.

Lamanja alipachika m'mwamba pachitsulo, lili m'mabandeji mpaka m'chigongono. Dokotala wamagalasi wanena izi: mafupa atatu a kuseri kwa chikhatho anathyoka, mitsempha yoyendetsa zala inaduka, wamagazi umodzi anausoka Lamulungu nditangofika. Aikamo mawaya awiri. Jakisoni wopha tizilombo m'mawa, masana ndi madzulo. Dilipi ili pamkono wamanzere, ndawapempha aisunthire kumtunda kuti ndizitha kugwira cholembera.

Ine ntchito yanga ndi ya m'butchala, ndiye pamene amafotokoza ndimangoona mwendo wa mbuzi pachipika. Munthu ndi nyama basi, kungoti ife pokuwa timatchula mayina.

Mwana wanga sindinamuone chibwerere muno. Chimenecho chikundiwawa kuposa dzanja.

Lachinayi, 5 Juni

Muno ndi mwa azimayi othyoka, opsa ndi odulidwa. Fungo lake mankhwala okolopera, mafinya ndi nthochi zakupsa. Pabedi loyandikana ndi langa pali mayi wonenepa amene anamudula mwendo chifukwa cha shuga. Aliyense amangoti Mayi a Mwendo, ndipo anayambitsa ndi eni ake. Pakamwa ngati wailesi. Atandifunsa chimene chinandigwera, ndinayankha zimene zinalembedwa pofika: ndinadzitema podula nyama. Anandiyang'ana n'kuti, "Ehe. Wapakona uyo anagwa pamasitepe. Winayo anadzithira yekha madzi owira kumsana. Koma azimayi a muno ndife osasamala bwanji!"

Zoona zake ndi izi, ndilembe mutu usanazisokoneze.

Lamulungu masana kunyumba kunabwera abwana a amuna anga ndi akazi awo. Amuna angawo ndi dalaivala wawo. Tinasesa, tinabwereka mipando, apongozi anga aakazi, amene timakhala nawo, anavala nsalu yatsopano. Mwana wathu timamutcha Katsabola, chifukwa ndi kakang'ono koma pakamwa poyabwa. Sanayambe n'sukulu yomwe. Anatumidwa kukapereka kapu ya madzi kwa abwana, ndipo anapereka ndi lamanzere. Akazi a abwana anaseka. "Aa, a dalaivala, mwana wanu akutipatsa madzi ndi dzanja la kuchimbudzi?" Onse anaseka. Amuna anga nawo anaseka, koma ndinaona mtsempha wa pakhosi pawo ukugunda.

Alendo atapita, iwo anamwa zotsala m'mabotolo. Ine ndinali kukhitchini. Chikwanje changa chodulira mafupa ndinabwera nacho Loweruka kuti ndinole, chinali pamwamba pa kabati. Ndinamva mwana akukuwa kukuwa kwachilendo. Polowa ndinapeza amugwira pamkono, kadzanja kamanzere akatambasula patebulo, chikwanje chili m'mwamba. "Lero tithana nalo dzanja lamwanoli!"

Sindinaganize. Ndinangoika langa pamwamba pa kake.

Phokoso lake ndimalidziwa, ndimalimva tsiku lonse kuntchito. Khaa! Magazi anafika mpaka pakalendala. Katsabola anasiya kulira, anangoti kakasi, nkhope yonse ili psuu ndi magazi anga. Apongozi ndiwo anandikulunga ndi nsalu yawo yatsopano ija, ndipo njira yonse m'galimoto amandinong'oneza, "Mwadzitema nokha, amake mwana. Mwamva? Mwadzitema nokha."

Mwana anatsala kunyumba. Ali komweko, ndi anthu omwewo, chikwanje chili komweko.

Lachisanu, 6 Juni

Poyendera odwala m'mawa, dokotala wamagalasi anaima nthawi yaitali akuyang'ana chithunzi cha mafupa anga. Apongozi anali pomwepo ndi fulasiki yawo ya tiyi. Amabwera tsiku lililonse, osati mwachikondi koma kudzalondera pakamwa panga.

"Mayi," anatero dokotala, "wodula nyama amagwira mpeni ndi lamanja, akadzitema amatema lamanzere. Inu zinatheka bwanji kudzitema lamanja, kuserinso?"

Ndisanatsegule pakamwa apongozi analumphira. "Ndi wamanzere ameneyu, adokotala! Chibadwire. Aliyense akudziwa. Mpeni, supuni, tsache, zonse kumanzere."

Ndaona malodza ine! Mayi yemweyu chikwatiwire changa wakhala akulizonda dzanjali ngati mphaka pauna wa khoswe. Tsiku lina anataya mphika wonse wa mpunga atandipeza ndikutakasa ndi lamanzere, ati ndiwadyetsa uve. Kutchalitchi amakhala kumanzere kwanga kuti azilitsina likafuna kuponya chopereka. Mwana atayamba kutola zinthu ndi lamanzere, anati ndabweretsa chilema mumtundu mwawo. Lero umanzere wanga wasanduka chinthu chonyadira, akuulengeza okha pamaso pa anthu ophunzira.

Choipa n'choti bodzali lili ndi pogwira. Ndinedi wamanzere. Kulemba, kudya, kupereka moni, zonsezo lamanja, chifukwa zinalowa ndi ndodo. Koma chikwanje pachipika ndimagwira ndi lamanzere, kuseri kwa kauntala, kenako nyamayo n'kupereka kwa kasitomala ndi lamanja, mwaulemu wonse.

Dokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndi choncho, mayi?" Ndinavomera ndi mutu. Analemba kenakake n'kupita. Ndadzida lero.

Loweruka, 7 Juni

Kutsuka bala. Nesi wamkulu anamatula bandeji yomwe inamatirira kumnofu, ndinaluma pilo mpaka thonje linatuluka. Bala lafiira m'mbali, likutuluka madzi achikasu. Zala ziwiri zakumapeto zazizira, akazibaya ndi singano sindikumva. Atenga mafinya kukayeza. Kutentha kwa thupi 38.6.

Ndinapatsa Mayi a Mwendo nthochi. Anatambasula dzanja, n'kuima. Iwo kuyang'ana lamanzere langa, ine kuyang'ana iwo. "Mayi, mukufuna ndikupatseni ndi phazi?" Anaseka mpaka chitsa cha mwendo wawo chinagwedezeka. "Pepa mwana wanga, n'chizolowezi. Mayi anga ankati cholandira kumanzere sichikhalitsa." Anailandira nthochiyo, ndipo sinakhalitsedi.

Kenako anaona chala changa chaching'ono, chokhota ngati mbedza yopachikira nyama, ndiye ndinawauza. Bambo anga ndi kalipentala, munthu wa mizere yowongoka. Ndili msinkhu wa Katsabola ankandimanga dzanjali kumsana ndi chingwe, kuyambira m'mawa mpaka chakudya chamadzulo. Mawu awo anali amodzi: kuwongola mtengo m'poyamba. Tsiku lina anandipeza ndamasula, ndikujambula pansi ndi khala. Analigoneka pabenchi yawo yopalira matabwa n'kulimenya ndi nyundo yamtengo. Kamodzi kokha. Malemu mayi anga anamangirira chalacho ku kamtengo, koma chinapola chokhota. Chichokereni apo ndinakhala mwana waulemu.

Mayi a Mwendo anangoti, "Mmm." Kwa iwo kumeneko n'kukhala chete kwakukulu.

Lamulungu, 8 Juni

Abwera eni ntchitoyi, amuna anga. Suti ya kutchalitchi, malalanje m'jumbo. Apereka moni bedi ndi bedi, apemphera mokweza mpaka wapakona uja anayankha ameni. Kenako anakhala pabedi panga n'kundigwira dzanja ngati munthu wachikondi.

"Ndimafuna kungomuopseza, amake mwana. Ndikanatema tebulo. Inu ndi amene munalowetsa dzanja."

"Mwana ali kuti?"

"Ali bwino. Amayi akumuphunzitsa."

"Akumuphunzitsa chiyani?"

Anamwetulira anthu a m'wodi, uku chala changa chokhota chija akuchipindira kumbuyo pang'onopang'ono. Misozi inangotuluka yokha. Ananena motsitsa kuti ndikangoyerekeza kutsegula pakamwa, apolisi asanawapeze iwo, mwana adzakhala atatumizidwa kwa abale awo kutali, kumene ine sindinapondeko, ndipo kumeneko manja amadziwa kuwongola. "Ndiye musankhe nokha."

Atapita ndinasanza. Malalanje ndapatsa wokolopa.

Ndimamuopa munthu ameneyu. Ndikulemba kuti ndizione ndi maso anga: ndimamuopa, ndipo ndikufuna atafa.

Lolemba, 9 Juni

Mwa ophunzira udokotala amene amatsatira wamagalasi muli mtsikana wina wamtali amene amalemba ndi lamanzere, poyera, ngati si kanthu. Ndamuyang'ana ngati ndaona nkhuku ya mano. Pondiyeza thupi ndinamufunsa ngati kwawo kunalibe ndodo. Anaseka. Ati aphunzitsi anamumenyapo ndi rula, mayi ake anapita kusukuluko n'kuthyola rulayo. Ati anawerenga kuti m'maiko ambiri zili chimodzimodzi, lamanja la Mulungu ndi la alendo, lamanzere la zonyansa, chikhalirecho ukang'amba mkati mwake mafupa ndi ofanana, mitsempha yofanana.

Zimenezo n'zosachita kundiuza. Palibe kasitomala anabwezapo mwendo wa mbuzi chifukwa ndi wakumanzere.

Thupi 39.1. Mutu ukulemera.

Lachiwiri, 10 Juni

39.8. Kunjenjemera. Asintha mankhwala, ati tizilombo take n'tolimba. Dzanja likununkha. Fungo limeneli kubutchala nyama yake timataya.

Sindingathe zambiri lero.

Lachitatu, 11 Juni

Bambo anga afika pa basi. Akalamba, koma msana uli njo ngati chitseko. Anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa kumanja, buledi m'khwapa, akuyang'ana zala zanga zimene zayamba kuda.

Ndinadikira apongozi apite kukatsuka mbale, ndipo ndinawauza zonse mwachangu. Ndinawapempha chinthu chimodzi: apite kunyumba, anene kuti akufuna kukagulira mdzukulu wawo nsapato, amutenge, asabwerere naye. Akatero ine ndiyankhula.

Iwo n'kuti, "Mwana ndi wa bambo ake. Ine sindingabe mwana m'nyumba ya mwamuna mnzanga. Mkamwini anapyola muyeso, inde. Koma mwanayo ukanamuwongola msanga, sizikanafika apa. Iwenso unabwerera ku zakale, ndinakuona ndi maso angawa kubutchala kuja."

Zoona, anandiona chaka chatha. Analowa ndikudula nthiti ndi lamanzere, analavula pansi n'kutuluka osagula kanthu.

Mutu unandiyaka. Ndinawaikira chala chokhota chija pamphuno. "Muyeso wanu ndi uwu, Bambo! Inu munathyola chimodzi, mkamwini wanu wamaliza zinazo. Mwagwirizana bwino, amisiri awiri. Mukufuna kadzanja ka mwana kaja kabwere muno kali m'jumbo?" Chibadwire sindinawayankhulepo choncho. Mayi a Mwendo anayamba kutsokomola dala, kunditsina khutu kuti apongozi akubwera.

Bambo anavala chipewa. "Kukuyankhulitsa ndi kutentha thupiko." Apita kukagona kwa mnzawo wakale. Buledi uja anamuiwala m'khwapa, apita naye.

Lachinayi, 12 Juni

Zala zitatu zada bii, kudako kwafika pachikhatho. Dokotala wanena mosazungulira: mawa m'mawa adula pamwamba pang'ono pa mfundo ya dzanja, apo ayi chikwera mpaka paphewa, mwinanso kundipha. Osadya kuyambira madzulo. Andiwonjezera magazi. Ndasayina ndi lamanzere.

Ndinafunsa kumene dzanjalo likapite. Ati kuseri kwa chipatala kuli ng'anjo, pokhapokha abale atalifuna. Mayi a Mwendo anandiuza za mwendo wawo. Ana awo aamuna anagwirana makolala pakhonde, wina akuti ukaikidwe m'manda kuti mayi adzauke athunthu, wina akuti kukumbira manda munthu wamoyo n'kumuitanira imfa. Pamene amakanganapo mwendo unali utapsa kale. "Ndiye tsiku lomaliza ndidzauka chotsimphina, mwendo uzidzanditsatira pambuyo uli utsi."

Apongozi akuti dzanja langalo iwo alifuna, akalikwirira mwaulemu. Ndakana. Nyumba imeneyo isatengenso kanthu kanga.

Ndakhala ndikuliyang'ana. Dzanja ili ndilo linkapereka moni kwa akuluakulu, linasayina ukwati, linkathira amuna anga madzi osamba m'manja, linkatseka pakamwa panga ndikafuna kuyankha. Dzanja laulemu. Chinthu chokha chimene linachita mwakufuna kwake ndi cha Lamulungu lija. Lipite bwino. Litsala lamwano.

Loweruka, 14 Juni

Adula.

Ululu ngati moto. Jakisoni wopha ululu akangotha mphamvu ndikukuwa.

Zala zimene kulibe zikuyabwa.

Lolemba, 16 Juni

Thupi latsika, 37.4. Ndadya phala ndekha. Ndapitanso ndekha kuchimbudzi, ndipo ndili komweko ndinaseka ngati wamisala: dzanja lodyera ndi lakuchimbudzi tsopano ndi limodzi, koma dziko silinathe. Ndinauza Mayi a Mwendo, iwo n'kuti, "Nanga sopo anapangira chiyani? Sopo alipo!"

Wapakona uja watuluka lero. Mwamuna wake anamunyamulira chikwama mwachikondi, iye akutsatira pambuyo, nsagwada ili m'mawaya. Palibe anamutsanzika mokweza.

Nesi wamkulu, potsuka chitsa, anakoka makatani n'kundiuza kuti dokotala anadziwitsa kale apolisi za bala langa. Wapolisi wamkazi abwera Lachitatu. "Mayi, ine ndatsuka mabala a azimayi ambiri odzitema okha. Ena ndinawaonanso kachiwiri, akupita ku nyumba yachisoni."

Ndinamuuza poyera: mwana wanga akakhala pabedi pano, nditamugwira, ndiyankhula. Kupanda apo ndinadzitema ndekha, olo mundifunse mpaka mawu akuthereni. Anati aona chochita. Madzulo anauza apongozi, ine ndikumva, kuti wapolisiyo akungofuna kutseka nkhani ya ngozi, koma ayenera kuona onse a m'nyumba, ndi mwana yemwe, apo ayi apita yekha kunyumbako. Apongozi anamwetulira mano okhaokha.

Bambo sanabwerenso, koma ndamva kuti basi yobwerera kwawo sanakwere.

Lachinayi, 19 Juni

Za dzulo ndilembe lero.

Anabwera onse nthawi yoona odwala masana: amuna anga m'suti ija, apongozi, Bambo kumbuyo, ndi Katsabola. Anamuveka juzi ya manja aatali dzuwa likuswa mtengo. Wapolisi, mayi wamfupi wa mawu ofatsa, anakhala pampando kumutu kwa bedi.

Mwana wanga waonda. Kamwana kamene kankalongolola kuyambira m'mawa kanaima kali duu, dzanja lamanzere katalibisa m'khwapa. Ndinatambasula langa. "Bwera, Katsabola. Bwera kwa amayi." Kanabwerera m'mbuyo.

"Osati limenelo, amayi. Limenelo amadula."

Apongozi anaseka kaseko kouma. "Ana ndi zonena zawo!" Nesi wamkulu ananyamula mwanayo n'kumukhazika pamiyendo panga. Ndinamukumbatira ndi chitsa, ululu ndinauiwala, ndipo ndi zala ndi mano ndinapinda mkono wa juzi. Pamfundo ya dzanja pali mzere wa chingwe, wakuya, wosupuka, wayamba mafinya. Tizala tatupa, kuseri kwake mikwingwirima pamwamba pa inzake. Chikhadabo chimodzi palibe.

Ndinakweza maso. Bambo amayang'ana mzere wa chingwe uja osaphethira.

Wapolisi anayamba kufunsa ngati sanaone kanthu. Amuna anga anafotokoza bwinobwino: mkazi wawo ndi wamanzere, amadula nyama ndi lamanzere, chikwanje chinaterereka. Apongozi anathirira ndemanga, "Chibadwire, mayi wapolisi." Wapolisi anatembenukira kwa Bambo. "Inu ndinu munabereka. Mwana wanuyu ndi wamanzere?"

Bambo anatsokomola.

"Wamanzere ndani? Mwana wa ine? Ndinamuwongola ndekha ali msinkhu wa kamwanako. Ndinkamumanga ndi chingwe malo omwewo amangawo. Chala icho ndinathyola ndine, ndi nyundo, pabenchi panga. Taonetsa, iwe. Chichokereni tsikulo sanagwirepo mpeni ndi lamanzere. Lembani choncho. Amene akuti anadzitema yekha akunama. Ndipo ngati mukumanga othyola manja a ana, muyambe ndi ine."

Munthu amene anandiona ndi maso ake ndikudula nthiti ndi lamanzere! Bambo anga sananamizepo munthu, ngakhale kasitomala. Dzulo ananama pamaso pa boma, ndipo bodza lawolo analikhomera ndi misomali ya zoona.

Ine ndinati, "Zikomo, Bambo, koma mabodza akwana. Ndine wamanzere, mayi wapolisi, lembani ndi zilembo zikuluzikulu. Mwana wanganso ndi wamanzere. Koma sindinadziteme. Ananditema ndi awa, ndipo chikwanjecho chimapita padzanja la mwanayu."

Sindinamalize n'komwe. Mwamuna uja analumpha, anakankha wapolisi mpaka anagwa ndi mpando womwe, n'kugwira Katsabola pamkono wa zilonda womwewo, kumukoka. Mwana anakuwa kukuwa kwa Lamulungu lija. Ine ndamupana ndi chitsa ndi miyendo, ulusi wosokera chitsacho ukuduka, bandeji ikufiira. Bambo anamugwira kolala, iye anawabwezera chigongono pakamwa, mkulu uja anagwera pakakabati ka pambali pa bedi, magazi chuchuchu. Apongozi akundimenya m'mutu ndi fulasiki. Mbale kugwa, azimayi kukuwa.

"Gwira, mwana wanga!" Anali Mayi a Mwendo, akundiponyera ndodo yawo yoyendera, yachitsulo.

Ndinaiwakha ndi lamanzere. Ntchito yanga ndi kudziwa pamene fupa limakumana ndi linzake. Ndinamenya ngati kuntchito, kamodzi, pamfundo ya dzanja limene linagwira mwana wanga. Khaa! Zala zake zinatseguka zokha. Anagwada pansi akulira ngati mbuzi, dzanja lili lendelende. Linali lamanja.

Ndinakwezanso ndodo, ndipo sindinama, kachiwiriko ndimafuna mutu. Katsabola ndiye anandigwira mkono ndi kadzanja kake kotupa kaja. Ndinatsitsa.

Alonda anafika. Wapolisi anadzuka akusasa siketi, anati zonse waziona yekha, za ndodoyo tidzakamba koma ndisade nkhawa kwambiri. Anawatenga onse awiri, apongozi ndi mwana wawoyo, kudzera kaye koika chikhakha padzanja lothyokalo. Ali pakhomo Mayi a Mwendo anakuwa, "Achimwene, mukazolowere lamanzere! Sopo alipo!"

Chitsa andisokanso. Bambo awasoka mlomo, dzino lawo limodzi wokolopa walipeza pansi pa bedi. Katsabola amugoneka kuwodi ya ana, koma nesi wamkulu walola kuti masana azikhala ndi ine.

Loweruka, 21 Juni

36.9. Chitsa chauma. Jakisoni asiya, tsopano mapiritsi. Mafizo a lero: kumanga mabatani, kusenda lalanje ndi dzanja limodzi ndi mano. Mlandu sunayambe. Wapolisi akuti ukhala wautali, ndipo abale a mwamuna uja ayamba kale kutumiza mawu. Ndikuopabe. Koma mwana ali pano, akugona pamapazi anga.

Tizala take tayamba kuphwa. Sakuyankhulabe zambiri. Akafuna kutola chinthu amayamba wayang'ana nkhope za anthu. M'mawa ndinang'amba tsamba m'kope lino, ndinaliika pakatikati pa bedi ndi cholembera, osanena kanthu. Anayang'ana ine, anayang'ana agogo ake. Bambo, mlomo uli ndi ulusi, anatembenukira kuwindo dala. Anatola ndi lamanzere. Wajambula munthu wa dzanja limodzi, lalikulu kuposa mutu.

Bambo sindinawakhululukire, ndipo sanapemphe. Chala changa chikadali chokhota. Amabwera m'mawa uliwonse, amakhala pampando, chipewa pabondo, sitiyankhulana zambiri.

Lero tiyi wa m'wodi atafika ndinawathirira Bambo m'kapu yanga, poti mlomo wawo sukulola buledi. Ndinawatambasulira. Panalibe dzanja lina loti n'kusankha. Moyo wawo wonse Bambo sanalandirepo kanthu kuchokera kumanzere kwa munthu. Ndinawaonapo akusiya misomali m'sitolo chifukwa wogulitsa anawapatsa ndi dzanja lolakwika. Kapu inakhala m'malere, Mayi a Mwendo anasiya kutafuna.

Anaika chipewa pansi, anaimirira, n'kulandira ndi manja awiri, atawerama pang'ono, monga anatiphunzitsira kulandira kwa akuluakulu.

Tiyiyo analibe shuga, ndipo anali atazizira. Anamwa yense.